Mmene Gologolo Analowera m'Nyimbo ya pa Ulalo

Padangokhala, abale anga, ndipo amene ali nane avomere kuti tili limodzi. Nyama zinkakhala mudzi umodzi, minda yawo ili tsidya la mtsinje. Aliyense wopita kumunda ankaolokera pa ulalo umodzi wokha, ulalo wakale wa mitanda yomanga ndi luzi.

Kapitawo wa ulalowo anali Nantchengwa, mbalame ija yomanga chisa chachikulu. Mkuluyu sankaseka wamba, ndipo lamulo lake linali limodzi: pa ulalo wakale timakonza chimene chawonongeka, basi. Chatsopano chilichonse, kaya chikongole bwanji, chipite kumtunda kumene amisiri ankamanga ulalo wina woti udzatsegulidwe chaka chamawa. Kumeneko zatsopano ankaziyesa ndi anyamata odziwa kusambira, oti akagwa amatuluka m'madzi akuseka.

Tsono panali mwambo wake. Amayi akamaoloka ankaimba nyimbo ya ulalo. Wotsogolera ankatchula chimene chinawononga ulalo, kaya ndi chiswe, kaya madzi osefukira, kaya mphepo, ndipo onse ankavomera ndi dzina la amene anakonza. Owononga mbali ya wotsogolera, okonza mbali ya ovomera. Dzina likalowa m'nyimbo imeneyo silinkatulukanso.

Wotsogolera nyimboyo anali mayi Nungu, ntchembere ya mawu oti akaimba tsidya lino amamveka tsidya lija. Mayiwa anali ndi ana aakazi awiri. Wamkulu anakwatiwa ndi Katumbu, wamng'ono anakwatiwa ndi Gologolo, ndipo akamwini onse awiri ankakhala pamudzi pomwepo.

Katumbu anali m'nyimbo. Chaka china madzi anagwedeza nsanamira ya ulalo, iye n'kumira n'kukaimanga. Ndipo musamuyese wodzichepetsa ayi, Katumbuyo! Amayi akamaoloka m'pamene iye ankati wafuna kusamba. Ankagona chagada pamadzi, n'kumasisita mimba, kudikira dzina lake. Likafika, mayi Nungu ankalikoka, n'kugwedeza minga yawo, n'kuthirapo nthungululu.

Gologolo m'nyimbo munalibe. Komatu luso analinalo, zimenezo ndisamunamizire. Mipando ya kwa mfumu anasema ndi iye, mitondo ya m'mudzimo anagoba ndi iye. Koma nanga mtondo amauimba? Nsanje inamudya mnyamatayo mpaka chakudya chinasiya kumukomera. Chimene ankafuna chinali chimodzi: kumva apongozi ake akutchula dzina lake pa ulalo, pamaso pa mudzi wonse, Katumbu akumva.

Tsiku lina anafunsa mkazi wake.

"Iwe, dzina la mlamu wako umalikokeranji choncho poimba?"

"Ndi mmene nyimbo imayendera, bambo."

"Langa bwanji sulikoka?"

"Mulibemo. Nanga ndikoke chiyani?"

Gologolo mchira unachita kuima. Anatenga kasemasema wake n'kulowa m'thengo osatsanzika.

Anasema mpando, abale, mpando wake mpando! Wa miyendo yopota, woyedzamira bwino, pamwamba pake kadenga ka udzu koti munthu abisale dzuwa. Anausenza mpaka pa ulalo n'kuutula pamaso pa Nantchengwa.

"Zikomo a Kapitawo. Ndabwera ndi mpando woti tiumangirire pakati pa ulalo."

Nantchengwa anauzungulira, nauyang'ana ndi diso ili, nauyang'ananso ndi diso linali.

"Ndi wokongola. Chawonongeka n'chiyani?"

"Palibe chawonongeka, koma taonani miyendo yakeyi."

"Ndaiona. Wapwetekapo ndani?"

"Palibe, koma anthu akondwa."

"Ndiye pita nawo kumtunda. Amisiri akaulandira ndi manja awiri. Ulalo watsopano ukadzatsegulidwa, aliyense adzadziwa kuti mpando ndi wa Gologolo."

"Chaka chamawa? Nanga kumtundako akuimbako ndani?"

"Palibe. Kumeneko akuyesa kaye."

Pomwepo m'madzi munatuluka mutu wa Katumbu.

"Achimwene, mpandowo ndibwerekeni! Ndimatopa kumvera dzina langa chogona."

Ndipo ngati anachita kupangana, amayi anatulukira ndi makasu awo. Mayi Nungu anatchula madzi osefukira, mudzi wonse n'kuvomera Katumbu, mkazi wa Gologolo mawu ake ali pamwamba pa onse. Gologolo anasenza mpando wake n'kubwerera, akudzilankhulira yekha njira yonse.

Kunyumba anakhala pampando womwewo n'kuganiza. "Mbalame ija ikufuna munthu wopwetekedwa. Chabwino, ndiipezera."

Anapita kwa Birimankhwe, nkhalamba yoyenda monyang'wa ija, atanyamula chikho cha ziwala zokazinga.

"Agogo, mawa mukafike pakati pa ulalo, mukagwe. Mukabuule kuti mwatopa, mukufa."

"Kugwa kokha?"

"Kugwa ndi kubuula."

"Bweretsa ziwalazo."

M'mawa mwake Birimankhwe anakwera pa ulalo. Phazi ili, kuganiza. Phazi linali, kuganizanso. Atafika pakati anadzigwetsa, n'kusanduka wotuwa, kenaka wachikasu, maso uku ndi uku.

"Mayo ine! Ndikufa ndi kutopa!"

Gologolo anatulukira akuthamanga, mpando uli pamutu.

"A Kapitawo, mwaona? Lero ndiye wopwetekedwa alipo! Ulalowu ndi wowonongeka, ulibe popumira. Ndabwera ndi chokonzera."

Nantchengwa anatera pafupi ndi nkhalambayo.

"Pepani agogo. Kale munkaoloka pano osatopa?"

"Ine? Chibadwire ndimatopa. Ngakhale kuchoka pakhomo kupita kunkhokwe ndimapuma kawiri."

"Ulalowu unakhalapo ndi mpando, wina n'kuuchotsa?"

"Sindinauonepo."

"Ndiye chawonongeka ndi ulalo kapena miyendo yanu?"

Birimankhwe diso limodzi linayang'ana Gologolo, lina linayang'ana Kapitawo.

"Mwana wanga Gologolo, ziwala zija ndadya kale, sizibwerera. Koma apa funso landikulira."

Anthu amene anaima pagombe anaseka mpaka kugwira nthiti. Gologolo anapsa mtima.

"Inu a Kapitawo, muli ndi kaduka! Mumangokonda zakale ngati nkhalamba. Mpando ukulakwirani chiyani?"

"Tandiyankha," anatero Nantchengwa. "Mayi akasenza dengu, mwana ali kumbuyo, amayang'ana pansi?"

"Sangathe."

"Fuko, amene maso ake saona, amaoloka bwanji?"

"Amangoyenda."

"Amayenda chifukwa mapazi ake amaudziwa ulalowu. Akudziwa kuti apa pali mtanda, apa pali mfundo. Iwe ukaika mpando pamene dzulo panalibe kanthu, woyamba kupunthwa ndi Fuko. Chimene sichinakhalepo sichinawonongeke, Gologolo. Ine ndimabwezera ulalo mmene unalili. Zokometsera, kumtunda."

Amayi anafika, Birimankhwe n'kudzuka bwinobwino kuwapatsa njira. Nyimbo inayambanso. Anatchula chiswe, n'kuvomera dzina la wina amene anamwalira kalekale. Anatchula madzi osefukira, n'kuvomera Katumbu. Tsiku limenelo mayi Nungu anabwereza ndime imeneyo kawiri, kaya mwadala kaya ayi, ine sindidziwa. Katumbu pamadzi paja mimba akusisita.

Apa Gologolo nsanje inamufika m'khosi. Koma mutu wake unali wakuthwa, ndipo nsanje imanolanso mutu. Anasiya mpando uja kuseri kwa nyumba n'kuyamba kuyendera ulalo. Ankalowa kunsi kwake, kununkhiza mtanda uliwonse, kukanda luzi lililonse. Anthu ankati mkamwini wa kwa mayi Nungu wazungulira mutu.

Mpaka anaupeza. Mtanda wina wa pakati unali utafumbwa. Kunja unkaoneka wabwino, koma ataukanda unatuluka ufa. Anathamangira kwa Nantchengwa, kuopa kuti Katumbu angamutsogolere.

"A Kapitawo, lero musandibweze!"

"Chawonongeka n'chiyani?"

"Mtanda wa pakati. Anankafumbwe audya."

Nantchengwa anapita, najompha mtandawo, mlomo wake n'kulowa wonse.

"Ogo! Apa ndiye wanena zoona. Uwu ukanapha munthu. Pita ukadule wina wolingana nawo. Utali womwewo, kunenepa komweko, mtengo wake womwewo. Usakometsere."

"Ndamva, a Kapitawo."

Tsono apa, abale anga, munthu wanzeru akanangodula mtanda, n'kulowa m'nyimbo, n'kukadya nsima yake mwamtendere. Koma Gologolo atadula mtengo uja anakhala pansi n'kuuyang'ana. Mtanda wamba! Wofanana ndi ina yonse! Anaganiza kuti, "Ndikaika uwu, ndingolingana ndi Katumbu. Iye ndime imodzi, ine ndime imodzi. Ine wosema mipando ya kwa mfumu, ndilingane ndi munthu wongodziwa kumira? Asa! Wanga ukhale woti aliyense akapondapo azidziwa kuti waponda pa Gologolo."

Anaugoba mtandawo m'kati kuchokera kumapeto, monga amagobera ng'oma. Anathiramo njere zouma za maseche kuti munthu akaponda uzilira. Koma ankadziwa kuti Nantchengwa adzaugogoda, ndipo mtengo wa mphako subisika kulira kwake. Ndiye anachita chiyani? Anaboola timabowo ting'onoting'ono kunsi kwake, toti njere sizingatulukire. Kenaka anatsendera mchenga wonyowa m'katimo mpaka kudzaza, n'kutseka kumapeto ndi chipika, n'kupakapo dothi. Mchenga wonyowa sutuluka pa kabowo. Koma ukauma ndi dzuwa umayoyoka wokha.

Anaukoka mpaka pa ulalo, thukuta lili kamukamu.

Nantchengwa anauyeza utali, unalingana. Anaunyamula mbali imodzi, unali wolemera. Anaugogoda ndi mlomo, unayankha gu, gu, ngati mtengo wathunthu.

"Mulibe china m'menemu?"

"China chanji, a Kapitawo? Ndi mtanda basi."

"Sunakometsere?"

"Ine kukometsera ndinasiya. Munandiphunzitsa ndinu."

"Manga."

Gologolo anamanga mtanda wake ndi luzi latsopano. Madzulo ake amayi pochokera kumunda, Nantchengwa anawauza zimene zachitika. Mayi Nungu anakweza mawu natchula anankafumbwe, ndipo mudzi unavomera dzina la Gologolo.

Ha, kukoma kwake! Gologolo anamva ngati wamwa uchi. Koma anatcherabe khutu, ndipo anaona kuti apongozi sanagwedeze minga, nthungululu sanathirepo. Anaimba dzina lake monga munthu akuwerenga nkhuku.

"Achimwene, takulandirani m'nyimbo," anatero Katumbu ali m'madzi. "Koma muli kumapeto. Oyamba ndife."

"Dikirani," anatero Gologolo chamumtima. "Dzuwa likugwira ntchito yanga."

Dzuwa linawomba, mchenga unauma, n'kumayoyokera mumtsinje pang'onopang'ono popanda woona. Gologolo m'mawa uliwonse ankakhala pagombe, khutu lili ku ulalo.

Inafika nthawi yotuta mtedza. Tsiku limenelo ana a Mbewa anatsogola kuchokera kumunda, akuthamangitsana. Woyamba ataponda mtanda wa pakati, unalira: tseche! Anaima. Anapondanso: tseche-tseche! Ana aja anakuwa ndi chimwemwe, n'kuyamba kudumphapo.

"Ulalo ukuimba! Ulalo ukuimba!"

Anthu anathamangira kugombe kudzaona. "Zodabwitsa! Wachita zimenezi ndani?" Wina anati ndi mizimu. Wina anati, "Kapena ndi a Katumbu, amene amayenda kunsi kwa ulalo aja."

Katumbu? Gologolo sakanatha kupirira. Analumphira pa chitsa, mchira uli m'mwamba.

"Katumbu wachitapo chiyani? Ndi wanga umenewo! Ndinagoba ndekha ndi manja angawa! Ndinathiramo njere, n'kubisa ndi mchenga, a Kapitawo omwe osazindikira! Katumbu angaganize zotere?"

Nantchengwa nthenga za pamutu zinaima.

"Wagoba? Mtanda wa pakati uli ndi mphako? Ana inu, chokanipo! Amayi, imani!"

Ana anathawa, koma amayi anali atakwera kale pa ulalo, akuimba, madengu a mtedza ali pamutu, ndipo mawu a Kapitawo anamira m'nyimbo. Patsogolo panali mayi Nungu, dengu lawo lalikulu kuposa onse, khosi lili njo, maso kutsogolo. Mapazi awo ankaudziwa ulalowo kuyambira ali mtsikana, ndipo sunayambe wawalankhulapo.

Anaponda mtanda wa pakati. Tseche-tseche-tseche, pansi pa phazi penipeni!

"Mayo, njoka!"

Anadumpha m'mwamba ndi dengu lomwe. Potera anatera ndi thupi lonse pa mtanda womwewo. Mtanda wa mphako uja unangoti thyo! Mayi Nungu, dengu, mtedza, njere za maseche, zonse khuvu mumtsinje.

Kunali chipwirikiti. Ana awo aakazi akulira, amayi ena atakakamira luzi, Gologolo ali chiimire pa chitsa paja kukamwa kuli yasa. Gologoloyo kusambira sankadziwa. Amene anamira kukawapulumutsa mayi Nungu ndani? Mukudziwa kale. Katumbu anawalowa kunsi mayi aja n'kuwabereka mpaka kugombe, minga yawo ikumubaya msana wonse. Atawatula, sanapume. Anakadula mtengo wamba, wosasema, wosakongola, Nantchengwa n'kuugogoda mbali zonse mpaka kuuboola pakati kuti aone m'kati, ndipo anaumanga dzuwa lisanalowe. Amayi otsala anaoloka mapazi awo osamva kusintha kulikonse.

Mayi Nungu anakhala pagombe akusanza madzi, mtedza wawo wa chaka chonse utapita ndi mtsinje. Gologolo anayandikira chokwawa, n'kukhala pataliko monga achitira mkamwini, n'kuwomba m'manja.

"Pepani amayi. Ndimafuna kuti mukondwe."

Mayi aja sanamuyang'ane n'komwe.

Anatembenukira kwa Nantchengwa. "A Kapitawo, komatu mtanda wakale uja unalidi wofumbwa. Ndinaupeza ndine."

"Unaupeza ndiwe, ndipo ukanabweretsa mtanda wokha bwenzi lero tikukuthokoza. Mtanda wolira si chinthu choipa. Ukanapita nawo kumtunda, anyamata akanaudumphira, ukanathyoka, akanaseka, iwe n'kukagoba wina wolimba. Koma unaubisa m'kati mwa chokonza n'kuuika pansi pa mapazi a anthu osenza katundu."

"Ndiye mundilipitsa chiyani?"

"Ine sindilipitsa. Za pa ulalo imaweruza ndi nyimbo."

Nyimbo! Gologolo anayang'ana apongozi ake.

"Koma amayi, mwambo umati dzina likalowa silituluka. Si choncho? Langa lilimo kale."

Apa m'pamene mayi Nungu anatembenuka. Anamuyang'ana mkamwini wawo kuyambira kumakutu mpaka kumchira.

"Silituluka ndithu, bambo. Tingolisamutsa."

M'mawa mwake amayi anakwera pa ulalo ndi makasu awo. Gologolo anabisala m'nthambi za mtengo wa pagombe kuti amve. Mayi Nungu anayamba monga mwa masiku onse. Anatchula chiswe, anthu n'kuvomera. Anatchula mphepo, anthu n'kuvomera. Anatchula madzi osefukira, anthu n'kuvomera. Atafika pa mtanda wa pakati anaima, nakoka mpweya, n'kutchula dzina la Gologolo. Analitchula okha, mbali ya owononga, pamzere umodzi ndi chiswe. Analikoka, abale, kulikoka mpaka linamveka kuminda, minga yawo ikugwedezeka yonse.

Ndipo mudzi wonse unavomera ndi mawu amodzi dzina la Katumbu. Nthungululu zinalira. Gologolo anasuzumira pakati pa masamba kufuna kuona ngati mkazi wake watseka pakamwa. Ayi ndithu, ankaimba, ndipo ankalikoka monga nyimbo imayendera.

Pansi pa ulalo Katumbu anali atagona chafufumimba, poti msana unali ndi mabala a minga. Anadzutsa mutu n'kuyang'ana m'mtengo muja.

"Achimwene, mwamva? Tsopano akatchula inu, ndiye kuti akuitana ine. Sitidzasiyananso!"

Kuyambira tsiku limenelo Gologolo sanapondenso pa ulalo. Akafuna kuoloka amadumpha nthambi ndi nthambi, ndipo akamva anthu akubwera akuimba amathawira kuseri kwa thunthu, n'kumalalata yekha, mchira ukugwedezeka. Ankafuna kuti apongozi ake amutchule pamaso pa mudzi wonse. Akumutchula mpaka lero, m'mawa popita ndi madzulo pobwera.

Yanga yaolokera pamenepa. Otsala tsidya lija, pondani pamene aponda anzanu.